Munda Umene Unatsata Bongololo

Kalekale, ana inu, ndi akuluakulu amene mukunamizira kusinza kumbuyoko, Mvuu sankakhala m'madzi. Ankayenda pamtunda ngati ife tomwe, khasu lili paphewa. Pakamwa pakenso sipanali chiphompho chimene mumachiona masiku anochi. Kanali kakamwa kakang'ono, kolowa chimanga chimodzi basi. Koma musamumvere chisoni, chifukwa kakamwa kameneko sikankapuma. Mvuu ankadya akuyenda, ankadya akulima, ankadya ngakhale akupepesa maliro.

Tsono Mvuu anakwatira Nangozo, mwana wa mayi Njati, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi. Mwambo wake mukuudziwa. Mkamwini amapatsidwa munda, ndipo mudzi wonse umayang'ana nkhokwe yake. Nkhokwe ikamangokhala yopanda kanthu, amamupindira mphasa n'kumusonyeza njira ya kwawo. Chinanso, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera amapatuka n'kubisala mpaka adutse, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi.

Mayi Njati anapatsa Mvuu munda wa kumunsi kwa kaphiri. Unali wa dothi lakuda bii, lofewa, ndipo pakati pake panali mtengo wa msangu. Chaka choyamba chimanga chinakula mwakuti Mvuu yense, ndi chimimba chake chomwe, ankabisalamo apongozi akamadutsa. Nkhokwe inadzaza, ndipo mudzi unati Nangozo wapeza mwamuna.

Atakolola, Mvuu anayang'ana mapesi ali mbwee m'munda. Anati, "Awa atsalirenji?" Anawadya. Anadya makoko, anadya zitsononkho, anadya ndi udzu wa m'malire womwe. Zimene zinamukanika kudya anazisesa n'kuzitentha. Munda unangoti mbee ngati bwalo la gule, iye n'kuima pakati kumadzitama kuti palibe mlimi waukhondo womuposa.

Akusesa choncho anaona kanthu kakudzikoka m'dothi.

"Iwe ndiwe yani?" anafunsa Mvuu.

"Ndine Nyongolotsi, bambo. Kwathu ndi muno."

"Umadya chiyani muno?"

"Timasamba towola ndi dothi pang'ono."

Mvuu anadzidzimuka mpaka tsache linamupulumuka. "Dothi? Dothi langa? Ine ndizilima, iwe uzidya munda weniweniwo? Nanga ukaumaliza ndidzalima pamwala? Nyamuka, iwe ndi mtundu wako wonse."

Nyongolotsi anayesa kufotokoza kuti chimene amadya amachibweza, koma Mvuu anali atakweza kale phazi. Chiswe nayenso anapirikitsidwa chifukwa chobudula mapesi amene Mvuu ankawafuna yekha. Achule, zinziri, nkhululu, onse analandira mawu omwewo. Anakwera kaphiri atandondozana, osacheuka.

Mvula itagwa mitengo yonse inaphuka, koma msangu unayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha. Ndilo khalidwe lake msangu. Umavala m'chilimwe, umavula m'dzinja, masamba ake n'kudyetsa munda pamene dzuwa likufikira mbewu bwinobwino. Mvuu sankadziwa zimenezi, ndipo kufunsa kwa iye kunali kudzichepetsa. "Mtengo wamisala uwu," anatero. "Anzake akuvala, iwo ukuvula." Anaukankha ndi phewa, khu, pansi.

Chaka chotsatira chimanga chinafika pakhosi pa nkhokwe. Chinacho chinalekera m'chiuno. Kenaka dothi lakuda lija linasanduka katondo wofiira, wouma gwa, khasu likamenya linkangodumpha. Kaufiti, kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamakonda minda yotopa, kanamera ponseponse. Chimanga chinamasula chili m'maondo, chachikasu ngati chikudwala.

Tsiku lina Nangozo anamuikira chakudya n'kukhala chapatali.

"Bambo, amayi andituma. Akuti nkhokwe ya chaka chino ikakhala ngati ya chaka chatha, mphasa yanu aipinda."

Mvuu anachita mantha, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni analeka kutafuna. Mvuu ankamukonda Nangozo, inde, koma zophika za Nangozo ankazikonda koposa. Anapita kumunda mtima uli m'malere. Ataweramira kachimanga kachikasu, anamva kutsokomola panjira. Anali apongozi.

Mvuu anayang'ana uku, anayang'ana uko. Pobisala panalibe. Ananjuta kuseri kwa phesi limodzi lowonda ngati chala, n'kutsinzina, poganiza kuti mwina akapanda kuona iye, apongozinso samuona. Mayi Njati anatsokomolanso. Manyazi anamugwira Mvuu, anadzambatuka, liwiro dididi kukwera kaphiri. Anadumpha malire, anagwera m'tchire lobiriwira, n'kukhala chete akupuma wefuwefu.

Atatsegula maso anaona kuti silinali tchire. Chinali chimanga. Chinamupitirira msinkhu, phesi lililonse litabereka ana awiri. Pansi dothi silinkaoneka n'komwe, linali litafunda mapesi owola ndi masamba. Maungu ankayanga, khobwe ankakwera, nandolo anaima m'mizere, ndipo pakati panali msangu, wopanda tsamba ngati uja anaugwetsa. Mvuu anafukula zinyalalazo ndi phazi. Pansi pake panali chinyezi, dothi lakuda bii, ndipo m'menemo munatuluka Nyongolotsi yemwe uja, atanenepa ngati chingwe cha mtolo.

Mvuu anangoti kukamwa yasa. Nsagwada zinalira khwa, ndipo kakamwa kaja kanakula mpaka kukwana dzungu. Sikanabwererenso.

Mwini munda anali Bongololo, kamunthu kakuda ka miyendo yosawerengeka, koyenda pang'onopang'ono. Bongololo akadzidzimuka amadzipinda ngati nkhata. Anthu amati ndi mantha. Ine ndimati ndi mmene amaganizira.

"Iwe Bongololo," anatero Mvuu, "chimanga ichi wachitenga kuti?"

"M'nthaka, bambo."

"Nthaka yake iti? Kuno n'kumtunda, kumiyala. Wakhwimira munda wanga iwe. Wakoka chonde changa chonse."

"Ine kukhwima, bambo? Ndimangodyetsa nthaka, iyo n'kumandidyetsa."

"Nthaka ili ndi pakamwa? Ukundiyesa mwana?" Mvuu anakweza phazi pamwamba pa Bongololo. "Tisinthana minda lero lomwe, chimanga chili momwemo. Ukakana, miyendo yonseyo ndiiponda kamodzi."

Bongololo anadzipinda. Anakhala chodzipinda mpaka phazi la Mvuu linayamba kutopa. Munda umenewo anaupeza uli miyala yokhayokha, anaudyetsa zaka zambiri, ndipo ana ake, amene anali ochuluka ngati miyendo yake, ankadya momwemo. Potsiriza anadzitambasula, misozi ili m'maso.

"Mwini mphamvu ndinu, bambo, tengani. Koma chaka chamawa mudzandibwezere."

"Sindidzabweza."

"Mudzabweza, mtima wanu ndikuudziwa. Mudzaufunanso munda wanu wakale."

"Katondo uja? Ndati sindidzaufuna. Tiye kwa apongozi ndikalumbire, umve ndi makutu ako."

Anapita. Mayi Njati anakhala kuseri kwa nkhokwe atafulatira, Mvuu anakhala mbali ina atazyolika, Nangozo pakati kunyamula mawu.

"Uwauze amayi," anatero Mvuu, "kuti tasinthana minda ndi Bongololo mpaka kalekale. Ndikadzangoti ndikuufunanso munda wakumunsi, ndidzagone m'madzi ngati ng'ona."

Mayi Njati anafunsa ngati Bongololo wavomera ndi mtima wake. Bongololo anayang'ana phazi la Mvuu, nati, "Ndavomera, mayi." Mayi Njati anangoti, "Tamva." Tsiku lomwelo anabzala khonje m'malire kuti pasadzakhale woiwala.

Chaka chimenecho Mvuu anakolola thukuta la mnzake, nkhokwe inadzaza, mphasa sinapindidwe. Bongololo anakolola tizitsononkho tachikasu, ndipo ana ake anagona ndi njala masiku ambiri. Zimenezi Mvuu sizinamukhudze.

Nthawi yososa itakwana, Mvuu anatenga tsache n'kulowa m'munda wake watsopano. Mapesi atsopano anawadya. Msangu anaudziwa kale kuti ndi wamisala, choncho anadya nyemba zake zonse, psiti, n'kuugwetsa. Koma pansi panali zowola za zaka ndi zaka, zoti ngakhale Mvuu sakanazimeza. Akukonza moto, anamva mawu ang'onoang'ono a Bongololo ku khonje.

"Bambo, ndapota nanu, zimenezo muzitenthe ndithu monga mwa masiku onse. Musazitayire kwanga kuno. Munda mwandipatsawu ndi woyera bwino, nanenso ndikufuna ndidziwike kuti ndine waukhondo ngati inu."

Mvuu anazimitsa moto. Waukhondo ngati iye? Kachilombo kameneka kakufuna kufanana naye? Anatenga dengu. Anatuta zowola zija, anatuta masamba, anatuta nthambi za msangu, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, thukuta kamukamu. Anazimwaza m'munda wonse wa kumunsi mpaka katondo sanaonekenso. Bongololo analira mogudubuzika, Mvuu n'kumaseka mpaka chimimba kugwedezeka.

"Bola mwandichita zimenezi," anatero Bongololo akusisima, "koma alendo aulesi aja, a Nyongolotsi, a Chiswe ndi achule, akhale konko. Andidya mokwanira. Musawapirikitsire kwanga."

Dzuwa lisanalowe, onse anali atawoloka khonje, Mvuu akuwakusa ndi tsache.

Bongololo anapukuta misozi ndi miyendo ingapo. "Zonsezi ndipirira, bambo. Chimodzi chokha ndicho chingandiphe ndi manyazi. Thengo ndi lalikulu. Mukamva m'mimba m'mawa, musaganize za munda wanga."

Mvuu anali asanaganizeko zimenezo. Tsopano anaganiza.

Ana inu lekani kuseka, mbatata ingakutsamweni. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Mvuu ankatsika kaphiri, kuwoloka khonje, n'kukasiya katundu wake m'munda mwa Bongololo. Ndipo katundu wa Mvuu si wa mbuzi. Bongololo ankatuluka n'kulira, "Mayo ine, ulemu wanga. Koma bola pano. Musadzachitire pangodya iyo, m'pamene ndimaothera dzuwa." Mawa lake Mvuu ankapita pangodya yomweyo. Bongololo ankaliranso, "Bola pano, musadzachitire pakati apo, m'pamene ana anga amasewera." Mawa lake Mvuu anali pakati. Anazungulira munda wonse motero, ngodya ndi ngodya, osasiya ndi dera limodzi, ndipo ankabwerera kwawo mtima uli mbee, akuti wamukhaulitsa.

Ankaona ndithu kuti kumunsiko kukumera zinthu. Bongololo sanayambe ndi chimanga. Anabzala nandolo ndi khobwe, anasiya maungu ayange, ndipo timitengo ta msangu tinayamba kutuluka mu ndowe za Mvuu. Mvuu ankangoti, "Taonani tchire la munthu waulesi."

Kumtunda, chaka choyamba munda unaberekabe, poti unali ndi mafuta a kale. Mvuu anati, "Mwaona? Ukhondo." Anadya mapesi, anasesa, anatentha. Chaka chinacho mvula inagwa yamphamvu pa dothi lopanda chofunda. Madzi anatsika kaphiri ali bii, atasenza dothi, n'kusiya zigwembe. Atafika kumunsi anakodwa m'mapesi owola ndi m'mizu ya nandolo, anaima, analowa pansi, dothi n'kutsala pompo. Mvuu anaonerera ali pakhonde, n'kumati, "Ndiye kumutayira matope mnzathu uja." Mvula inapita, inabwera, inapitanso. Nkhokwe inatsika pakhosi, inatsika m'chiuno. Kaufiti anatulukira ngati wachita kuitanidwa.

Dzinja lina njala inalowa m'nyumba ya Mvuu. Nkhokwe inatha mvula isanayambe n'komwe. Maulendo a m'mawa aja anatha okha, chifukwa m'mimba munalibe choti akasiye kumunsi. Miyezi inadutsa asanawoloke khonje. Tsiku lina Nangozo anamuikira kambale ka masamba opanda ndi mchere womwe, n'kukhala chapatali.

"Bambo, amayi andituma. Akuti mawa m'mawa abwera okha kudzaona munda. Akapeza zimene ndikuonazi, mphasa yanu aipinda, ndipo ulendo uno sabweza mawu."

Mvuu anatuluka. Anayang'ana munda wake, chimanga cha m'maondo, chachikasu, zigwembe zili yasa. Anati mumtima, bola ndikaone tchire la Bongololo, mwina mtima ungatsike poona wovutika kundiposa. Anatsika kaphiri.

Atafika pa khonje anaima chilili. Pamalo pamene anasiya katondo wouma panali chimanga chobiriwira chomupitirira msinkhu, phesi lililonse litabereka ana awiri. Maungu anali mbwee. Timitengo ta msangu tinaima apa ndi apo titavula masamba. Achule ankaimba, zinziri zinkatola mbozi, ndipo pa dzungu lalikulu panakhala Bongololo, akuothera dzuwa ndi ana ake onenepa.

Mvuu anangoti kukamwa yasa. Nsagwada zinalira khwa, ndipo kamwa linakula mpaka kukwana mtondo.

"Uwu ndi munda wanga," anatero Mvuu. "Munda wanga wakale. Ndikuufunanso. Bweza."

"Mwati bwanji, bambo? Makutu anga ndi aang'ono. Nenaninso mokweza, mwina mayi Njati angamve ali kunyumba."

Mvuu anayang'ana khonje n'kukumbukira lumbiro lake. "Wakhwimanso iwe. Unandipatsa munda, usiku n'kudzauba."

"Ine ndi timiyendo iti, bambo? Munda munasenza ndinu."

"Ine?"

"Inuyo. Chofunda chake munatuta ndi dengu. Antchito ake munawakusa ndi tsache. Dothi lake munalivula, mvula n'kulitsitsa. Zotsala munazidya kumtunda n'kudzazitula kuno m'mawa uliwonse, ngodya ndi ngodya. Misanguyi munabzala ndinu. Ine ndinkangolira basi."

Mvuu anakhala pansi, phi. Anayang'ana chimimba chake ngati sakuchidziwa. Zaka zonsezi ankati akunyoza mnzake, chikhalirecho akumulimira, ndipo ngolo yake inali mimba yomweyi.

"Antchito ake ati?" anafunsa ndi mawu ofooka. "Aulesi aja?"

Nyongolotsi anasuzumira m'masamba. "Ife tomwe, bambo. Chiswe amabudula mapesi, ine ndimawatsitsira pansi n'kuboola tinjira ta madzi. Nandolo amathyola katondo ndi mizu yake. Chule ndi zinziri amatola mbozi. Mukachotsa mmodzi, enafe ntchito imatilaka. Ndinayesa kukuuzani tsiku lija, koma munali mutakweza phazi."

Mvuu sanamve zonsezo. Anthu adyera amamva chinthu chimodzi, chimene chikuoneka chachangu. Iye anamva za ndowe.

"Ndiye kuti ndikathira ndowe zanga kumtunda, munda ubwerera?"

"Ubwerera, bambo, pamodzi ndi chofunda, mitengo ndi antchito ake. Koma nthaka imadya pang'onopang'ono. Ana anga anagona ndi njala kangati tisanaone chimanga ichi?"

"Apongozi akubwera mawa m'mawa."

Bongololo anadzipinda pang'ono, kenaka anadzitambasula. "Kwa ife ang'onoang'ono ndi ntchito ya zaka. Kwa wamkulu ngati inu, ndani angadziwe?"

Mvuu sanatsanzike. Anathamangira kudambo. Anadya udzu, anadya bango, anadya gumbwa, anadya nkhuyu zosapsa ndi masamba ake omwe. Anadya mpaka khungu la pamimba linachita kunyezimira. M'mawa kutacha anaima pakati pa munda wake, m'mimba mukulira gudugudu ngati mvula ya kumapiri.

Apa m'pamene anaona vuto. Munda unali waukulu, nthawi inali yochepa. Kuyenda ngodya ndi ngodya kunamutengera zaka kumunsi kuja, ndipo lero dzuwa linali litatuluka kale. Anaganiza, anaganiza, n'kukumbukira kuti ali ndi kamchira. Anati, "Ndimwaza kamodzi, munda wonse ulandire." Anatsinzina, anakunga mphamvu, n'kuyamba kupukusa kamchira kaja.

Phwa phwa phwa kum'mawa. Anatembenuka. Phwa phwa phwa kumadzulo. Zina zinagwera pa chimanga, zina pa khonje, zina zinapitirira mitengo. Mvuu anakondwa ndi nzeru zake. Anatembenukira kunjira, maso chitsinzinire, n'kumwaza zotsala zonse ndi mphamvu zake zonse.

Kenaka kunangoti zii. Mbalame zinaleka kuimba. Kumbuyo kwake kunamveka kutsokomola.

Mvuu anacheuka. Panjira panaima mayi Njati atavala chilundu chawo chatsopano, Nangozo ali pambali atagwira pakamwa. Chilunducho sichinkaonekanso mtundu wake. Kuyambira kunyanga mpaka kuziboda, apongozi anali atathiridwa manyowa bwino kuposa munda uliwonse m'dziko limenelo. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, mkamwini ndi apongozi anayang'anizana maso ndi maso.

Mvuu anafuna kupepesa. Anangoti kukamwa yasa, nsagwada zinalira khwa, kamwa n'kung'ambika mpaka m'makutu.

Mayi Njati anapukuta diso limodzi pang'onopang'ono. Anayang'ana chimanga chachikasu, anayang'ana zigwembe, anayang'ana chimanga chobiriwira kumunsi kwa khonje. Ulendo uno sanatume Nangozo, analankhula okha.

"Mkamwini, chimene munda wakhala ukukupemphani zaka zonsezi, mwachipereka kwa ine."

Atatero anatembenukira kwa mwana wawo. "Nangozo, kapinde mphasa."

Mvuu sanadikire mphasayo. Anathamanga dididi kutsika kaphiri, kudutsa munda wa Bongololo, kudutsa dambo, mpaka mumtsinje, phava. Anamira n'kusiya timaso ndi timakutu pamwamba, kuti aone ngati apongozi akumutsata. Paja anali atanena yekha kuti akadzaufunanso munda wakumunsi adzagona m'madzi, ndipo dzulo lake anaufunadi. Lumbiro silidziwa kuti munthu ankangolankhula ndi mkwiyo.

Mayi Njati atasamba, Bongololo anapita kwa iwo n'kupempha munda wake wakale wa kumtunda. Anamubwezera. Unali utasanduka zigwembe, koma iye sanadandaule. Anaitana Nyongolotsi ndi Chiswe, anatuta mapesi ofunditsa, anabzala nandolo. Manyowa oyambira anawapeza atamwazidwa kale, ngakhale ena anali m'mitengo. Zinatenga zaka, monga ananenera, koma munda unabwerera.

N'chifukwa chake mpaka lero Mvuu amabisala m'madzi masana, n'kumatuluka anthu atagona kuti asakumane ndi apongozi. Amamwazabe ndowe ndi kamchira, akuganizabe kuti tsiku lina munda udzabwerera m'mawa umodzi. Ndipo mukamuona atayasamula pakati pa mtsinje, musati ali ndi tulo. Wakumbukira chilundu chija.

Inu amene mumayatsa mapesi chaka ndi chaka chifukwa cha mbewa ziwiri, sindinatchule dzina la munthu, koma gwirani nsagwada zanu. Nthano yanga yagwera pomwepa ngati tsamba la msangu. Musaisese, isiyeni iwolere pompo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, koma makoko ake mukataye kumunda.